Chipatala cha Gulupu Monga Ndinachionera Ine wa ku Ntcheu

Kwathu kuno ku Ntcheu, munthu akamva kuti m'bale wake wagonekedwa ku Gulupu sayamba wafunsa kuti akudwala chiyani, koma amayamba wazyolika, kenaka n'kufunsa ngati eni mbumba auzidwa. Dzina la chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre limalemera m'makutu mwathu, chifukwa amene amafika kumeneko amakhala oti matenda awakulira, ndipo ife otsala kumudzi timakumbukira msanga amene anabwerako m'bokosi kuposa amene anabwerako akuyenda okha. Palinso mbiri ina imene imanong'onedwa pa zitsime ndi m'masiwa, yoti kumeneko madokotala amayeserera mankhwala pa anthu osauka ndiponso amatenga magazi a ana n'kukagulitsa kunja. Mbiri ziwirizi ndinapita nazo m'mutu pamene mdzukulu wanga wa zaka 4 anagonekedwa kumeneko ndi malungo a mu ubongo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaona m'masiku 9 amene ndinakhala ndikulowa ndi kutuluka pa geti ya chipatalacho, pamodzi ndi zimene ndinafufuza nditabwerako, poti ngakhale ndinapuma pa uphunzitsi, chizolowezi chofunsa mafunso sichinandichoke.

Mlandu wa matendawo ndi wanga, ndipo ndiyambe ndauvomera. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Ndirande, anabwera ndi mwanayo kudzationa m'dzinja kumudzi kwathu cha ku chigwa cha Bwanje, kumene udzudzu umayamba phwando dzuwa likangolowa. Neti imene akanagonamo ndinali nditatchingira nazale ya tomato kudimba, ndipo ndinadziuza kuti masiku atatu si kanthu. Patatha sabata ziwiri atabwerera ku tauni, thupi la mwana linatentha. Mayi ake anagula mapiritsi pa kagolosale kena kumene wogulitsa anawatsimikizira kuti ndi chimfine chabe, ndipo usiku wachitatu mwana anagwa linjirinjiri, atasiya kuphupha sanatsitsimuke. Foni ya mkamwini itatipeza mbandakucha, ine ndi mayi a kunyumba tinakwera minibasi pa boma, kudutsa Chingeni, Phalula, mlatho wa Zalewa ndi Lunzu, kukatsika pa Wenela n'kukweranso ina imene inatisiya pa Ginnery Corner. Pansi pa chikwama cha ufa ndi nyemba, mayi anali atapinda chitenje chakuda, ndipo ndinachiona koma sindinafunse.

Chinthu choyamba chimene ndikuchiyamikira sindinachione ndi maso anga, koma mwana wanga anandifotokozera. Atafika ndi ambulasi kuchokera ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, anapeza amayi ambiri atakhala pa mabenchi ku mbali ya ana odwala mwadzidzidzi, koma namwino amene ankayendera mzerewo anangoyang'ana mwanayo kamodzi, kumugwira dzanja, kumuitana osayankha, n'kumunyamula yekha kulowa naye mkati asanafunse ngakhale buku la kuchipatala. Kachitidwe kameneka, kosankhula ana pakhomo kuti amene moyo wake uli pa ngozi aonedwe poyamba, amene akufunika changu atsatire, ndipo ena adikire pa mzere, kanakulira pa chipatala chomwechi motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anali mkulu wa mbali ya ana. Mbali ya ana odwala mwadzidzidzi itatsegulidwa mu 2001 ndipo anamwino ataphunzitsidwa, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa ana 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8, ndipo bungwe la WHO linafalitsa maphunziro amenewa mu 2005 pa dzina la ETAT kuti mayiko ena atengere. Ndinachita manyazi nditamva zimenezi, chifukwa ineyo ndinadandaulapo pa chipatala china ndikuona namwino akulowetsa mwana wobwera pambuyo pathu, ndipo ndinanena mokweza kuti ndi wa kwawo; lero ndikudziwa kuti anali kuchita zimene anaphunzitsidwa.

Mdzukulu wanga tinamupeza mu wodi ya ana imene imachita kafukufuku wa malungo, atagona cham'mbali, diripi ili pa dzanja, kapaipi kodyetsera kali m'mphuno. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene poyamba chinandiwawa mtima. Namwino ankabwera pafupipafupi n'kuchita zinthu zitatu zosasintha: ankauza mayi ake kuti asunthe nkhope yawo patsogolo pa mwana kuti aone ngati maso akutsatira, ankamukanikiza pa fupa la pachifuwa ndi chala chopinda kuti aone ngati dzanja la mwana lipita kukachotsa chomuwawacho kapena lingofumbata, ndipo ankamvetsera ngati alira kulira kwenikweni, kubuula chabe, kapena kukhala duu. Akatero ankalemba nambala pa pepala la kumiyendo kwa bedi. Tsiku limene tinafika nambalayo inali 2. Mayi a kunyumba anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, "Bambo, mwana akudwala kale, nanga akumutsiniranji?" Ndinapita kukafunsa, ndipo namwinoyo, m'malo mokwiya, anatembenuza pepalalo n'kundionetsa kuti maso ali ndi malikisi 1, kulira 2, kusuntha thupi 2, zonse pamodzi 5, ndi kuti mwana amene ali pa 2 kapena kutsika amakhala kuti wakomoka kwenikweni. "Agogo," anatero, "inu munali aphunzitsi, ndiye muzitithandiza kuwerenga malikisiwa, tikufuna akhoze 5."

Muyeso umenewu dzina lake ndi Blantyre Coma Score, ndipo unapangidwa m'chipatala chimenechi ndi malemu Pulofesa Malcolm Molyneux pamodzi ndi Dokotala Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene anayamba kafukufuku wa malungo a ana ku Blantyre mu 1986 n'kusindikiza muyesowo mu 1989. Chifukwa chake n'chomveka ngakhale kwa ife osaphunzira zachipatala: muyeso wa akuluakulu umafuna kuti wodwala ayankhe mafunso, koma mwana wa chaka chimodzi sungamufunse kuti lero ndi lachingati. Lero dokotala wa ku Ghana kapena ku Uganda akafuna kunena kuti mwana wa malungo wakomoka motani amatchula dzina la mzinda wathu wa Blantyre, pamene ife a ku Ntcheu, amene tili pa ulendo wa maola ochepa chabe, sitinamvepo za muyesowo.

Chachiwiri chimene chinatidabwitsa chinali cha maso. Anamudontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, kenaka dokotala anavala kachipangizo kowala pamphumi n'kuyang'ana mkati mwa diso kwa nthawi yaitali ndithu, ife tikudabwa kuti malungo ndi maso zikugwirizana pati. Nkhani yake ndi yolemera, ndipo ndikuona kuti ndi imene iyenera kupatsa chipatalachi ulemu kuposa zina zonse. M'dziko ngati lathu, ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, kotero mwana akakomoka n'kupezeka ndi tizilomboto, si nthawi zonse pamene malungowo ali chimene chamukomola. Kuti adziwe zoona, madokotala a ku Gulupu anapempha makolo ena amene ana awo anamwalira kuti alole kupima matupi awo, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2004 zinaonetsa kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa ana ali moyo chinali kuseri kwa diso, kumene malungo enieni a mu ubongo amasiya timadontho toyera, timagazi totuluka ndi mitsempha yosintha mtundu, zizindikiro zimene dokotala wa maso Susan Lewallen anazifotokoza ali ku Blantyre komweko. Ndikaganiza za makolo aja, anthu ngati ife ndithu, amene pa tsiku la chisoni chachikulu anavomera chinthu chimene mwambo wathu umachikana, ndimaona kuti mdzukulu wanga anathandizidwa ndi anthu amene sitidzawadziwa mayina.

Za mbiri ya magazi ija, ndinadzionera ndekha mmene zimayendera. Mwana atakhazikika pa mankhwala, kunabwera namwino wina ndi mapepala olembedwa m'Chichewa, n'kukhala pansi ndi mwana wanga ndi mkamwini, ife agogo tikumvetsera. Anawerenga pang'onopang'ono kuti akupempha chilolezo choti mwanayo alowe mu kafukufuku, kuti adzatenga magazi ochuluka motani ndi kangati, kuti dzina lake silidzatchulidwa kwina kulikonse, ndi kuti akakana, kapena akavomera lero n'kusintha maganizo mawa, chithandizo cha mwana sichidzachepa ngakhale pang'ono. Mayi a kunyumba anakana poyera, nati, "Ayi, mwana wanga, magazi a mwanayu ndi ochepa kale, musalole." Namwinoyo sanatsutsane nawo, koma anatulutsa m'thumba kabotolo kopanda kanthu, kochepa kuposa chala changa chaching'ono, n'kuwapatsa kuti agwire, ndipo anati, "Agogo, ndi aka; kambiranani, ine ndibweranso, ndipo yankho lililonse ndi labwino." Mkamwini anandiyang'ana n'kuti, "Bambo, inu mukuona bwanji?" Ndinayankha kuti mwana ndi wawo, koma ine ndikanakhala iwo ndikanafunsa kuti ndani amayang'anira ofufuzawo. Yankho linali loti palibe kafukufuku amene amayamba asanavomerezedwe ndi komiti yoona za ufulu wa olowa mu kafukufuku, ndipo nambala ya komitiyo inali pa pepala limene anatisiyira. Anasaina madzulo a tsikulo, mayi akung'ung'udzabe.

Ndinafunsanso chifukwa chake anamwino ankayang'anitsitsa kapumidwe ka mwana usiku wonse, ndipo yankho lake lilinso m'kafukufuku wa pamalopo. Kwa zaka zambiri madokotala ankaona ana a malungo a mu ubongo akungosiya kupuma mwadzidzidzi osadziwa chifukwa, kufikira mu 2008 pamene makina oyamba a MRI m'dziko muno, ojambula za mkati mwa thupi, anaikidwa ku Gulupu. Atajambula ana 168, Dokotala Karl Seydel ndi anzake anapeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha, ndipo zimenezi zinasindikizidwa mu 2015. Ubongo ukatupa umasowa kolowera chifukwa chibade sichitanuka, ndiye umakankhikira kumunsi n'kupanikiza mbali imene imalamula kupuma. Kwa ana amene apulumuka kutupako kumaphwa kokha, n'chifukwa chake ofufuza anayamba kufunsa ngati kuthandiza mwana kupuma ndi makina, kapena kuchepetsa kutupako, kungamuolotse masiku oopsawo.

Tsiku lachitatu m'mawa nambala ija inakwera kufika pa 3, madzulo 4, ndipo tsiku lachinayi, namwino atamukanikiza pachifuwa, mwana anamumenya dzanja n'kulira mokweza kuitana mayi ake. Sindinaonepo anthu akuluakulu akusekerera kulira kwa mwana monga tinachitira tsiku limenelo.

Masiku otsalawo, poti mtima unali utakhala pansi ndipo abambo sitikhala pa bedi nthawi zonse, ndinkayendayenda m'makonde ataliatali a chipatalacho, amene munthu wachilendo amasochera mosavuta, ndipo ndinayamba kuzindikira kuti zinthu zambiri zimene timaziona ngati zakezake pa zipatala za kwathu zinachokera ku Gulupu. Chiponde chimene ana onyentchera amalandira ku sikelo, chosakaniza mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini, maganizo ake anayambira ku France, koma kuyesa kuti mwana wonyentchera kwambiri angachirire kunyumba akudya chimenechi m'malo mokhala milungu yambiri m'chipatala kunachitika ku Gulupu kuyambira mu 2001, motsogozedwa ndi Dokotala Mark Manary, pa ana a ku wodi ya Moyo. Mayi wa ku Tsangano amene amatenga mapaketi a chiponde n'kubwerera kukapalira mbatata yake mwana ali kumbuyo akudya zipatso za ntchito imeneyo. Chimodzimodzinso kamakina ka Pumani, kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, kamene kamadziwika ndi botolo la madzi otumphuka thovu: kanapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America n'kuyesedwa ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera ndi makanda pa chipatalachi, ndipo zotsatira za mu 2014 za Dokotala Kondwani Kawaza ndi anzake zinaonetsa kuti makanda 71 pa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 olandira okosijeni wa m'mphuno yekha. Pambuyo pake makinawa anafalitsidwa ku zipatala za m'maboma.

Za katemera ndinganene zambiri, koma ndingotchula awiri. Katemera wa rotavirus, amene ana amadonthezeredwa m'kamwa kuwateteza ku matenda otsegula m'mimba, anayesedwa pa ana a ku Blantyre ndipo anapezeka kuti amateteza pafupifupi theka la matenda aakulu, mphamvu yocheperapo poyerekeza ndi ya m'mayiko olemera. Ofufuza sanabise zimenezi, koma anaonetsa kuti kumene matendawa ali ochuluka ngati kuno, theka limenelo ndi ana ambirimbiri, ndipo boma linayamba kupereka katemerayu mu 2012. Wa tayifodi anayesedwa kuyambira mu 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kudzera ku bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lakhala pa malo a chipatalachi kuyambira mu 1995, ndipo anapezeka kuti amateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse. Pamene alangizi a zaumoyo anafika m'masukulu a kwathu mu Meyi 2023 kudzabaya katemera ameneyu, makolo ena anabisa ana awo m'minda poopa kuti ndi woyeserera, osadziwa kuti kuyesako kunatha kale, ndipo amene anayamba kutambasula mikono ndi ana a anansi a mkamwini wanga. Ngakhale mfundo imene anamwino amauza anthu masiku ano, yoti munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika sapatsira mnzake kachilombo, inatsimikizika mu 2011 ndi kafukufuku wa m'mayiko angapo amene mabanja a ku Blantyre ndi ku Lilongwe analowamo, ndipo anaonetsa kuti kupatsirana kunatsika ndi 96 pa 100.

Amene akupita ku Gulupu adziwiretu kuti ichi ndi chipatala chophunzitsira. Chinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dzina loti Gulupu linachokera ku mawu achingerezi oti Group Hospital, chili ndi mabedi oposa 1,000, ndipo chiyambireni sukulu ya madokotala mu 1991, imene mu 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ophunzira amayenda m'mawodi ndi aphunzitsi awo. Choncho pa bedi la wodwala wanu padzaima gulu la achinyamata a makoti oyera, wina akufunsa, ena akulemba, ndipo funso limodzi mungalifunsidwe katatu ndi anthu osiyana. Mayi a kunyumba ankaona ngati mwana wasanduka chionetsero, koma ine, amene ndinaphunzitsapo ana a eni zaka zambiri, ndinaona kuti maso ambiri pa wodwala mmodzi ndi phindu, ndipo dokotala amene adzatithandize mawa ku Ntcheu ndi mmodzi mwa achinyamata amenewo. Adziwenso kuti ndi chipatala cholandira otumizidwa kuchokera ku zipatala zina, ndiye kalata ndi buku la kuchipatala zisatsale, ndi kuti anthu ake ndi ochuluka ngati pa msika wa Lizulu. Gadiyani atenge zofunda, beseni, sopo, kapu ndi kandalama ka m'thumba, chifukwa moyo wa mu Blantyre ndi wodula kwa munthu wozolowera kuthyola ndiwo kuseri kwa nyumba. Ifeyo chimene chinatipulumutsa ndi nyumba ya mkamwini.

Ngati pali chimene ndikanakonda chitakula, ndicho kuti nkhani zimenezi zizifika kwa ife m'chilankhulo chathu ndi mphamvu yofanana ndi imene zimafikira ku Liverpool ndi ku Michigan. Zotsatira zimasindikizidwa m'magazini a madokotala m'Chingerezi chovuta, anthu a kunja n'kumatama Blantyre, pamene ku Bwanje ndi ku Kasinje kumafika mphekesera yokha ya magazi, ndipo mphekesera imayenda opanda tikiti. N'zoonanso kuti ndalama zambiri za kafukufukuyu zimachokera kunja ndipo mayina oyambirira ambiri ndi a alendo, zimene zimachititsa munthu kufunsa kuti tsiku limene opereka adzatseke dzanja ntchitoyo idzaima pati. Chondilimbitsa mtima n'chakuti Amalawi ali patsogolo tsopano, monga Pulofesa Henry Mwandumba amene wakhala akutsogolera Malawi-Liverpool-Wellcome, ndiponso anamwino onse amene ankawerenga malikisi a mdzukulu wanga usana ndi usiku anali ana a kuno.

Potulutsidwa anatiuza kuti ana ena amene achira malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu, vuto la kumva, kulankhula kapena kugwira za m'kalasi, ndipo anatilembera masiku obwereranso kuti akamuone. Ulendo woyamba wobwererawo ndinapita nawo, ndipo ndinamuona akumupatsa timatabwa toti asanjikize ndi kumuuza kuti ayende pa mzere wojambulidwa pansi, iye akuchita manyazi n'kumabisala m'chitenje cha mayi ake. Mwendo wamanzere ukukokabe pang'ono akatopa, ndipo anationetsa masewera oti azichita kunyumba. Neti ndinaichotsa kudimba tsiku lomwe ndinafika, ndinaichapa n'kusoka mabowo anayi, ndipo ili pa bedi la alendo. Chitenje chakuda chija mayi anachibwezera m'sutikesi, koma pepala la chilolezo, limene mwana wathu anawapatsa kuti asunge, analipinda n'kuliika m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi, ndipo sabata yatha ndinawamva pa mjigo akufotokozera anzawo kukula kwa kabotolo kaja, akuonetsa ndi chala chawo chaching'ono.